Musanagule sipeya ya makina olimira m'dimba, pezani kaye nambala zake

Makina olimira oyendetsa pamanja, aja ali ndi timakasu tozungulira pansi ndi zogwirira ziwiri kumbuyo, amakhalitsa. Ambiri amafika kwa mwini wachitatu kapena wachinayi buku lake litatayika kale, penti itasuluka. Zimavuta tsiku limene lamba waduka kapena giyabokosi yayamba kudontha oyilo. Mlimi amafika kwa wogulitsa masipeya n'kunena kuti akufuna lamba wa makina ake ofiira aja, a injini ya Honda. Wogulitsa, ngakhale atafunitsitsa kuthandiza, angoganizira. Ndipo sipeya yogula mongoganizira kawirikawiri imabwerera kusitolo, kapena imaikidwa mokakamiza n'kuwononga china chimene chinali bwinobwino.

Alimi anzanga, gwiritsitsani mfundo iyi: makina amodzi olimira kawirikawiri amakhala ndi opanga awiri. Makampani ambiri opanga makinawa sapanga okha injini. Amagula kwa Briggs & Stratton, Honda, Kohler, kapena kwa makampani a ku China monga Loncin ndi Lifan, n'kuimanga pa thupi limene apanga iwo. Choncho mukaona dzina la Honda pamene pali chingwe cholizira, mwadziwa injini yokha. Pulagi, kabureta, koyilo, fyuluta ya mpweya ndi chingwe cholizira zimafunidwa ndi nambala ya injini. Lamba, mapule (timawilo toyendapo lamba), makebulo, tcheni, magiya, matayala ndi timakasu zimafunidwa ndi nambala ya thupi. Nambala ya injini siingakupezereni giya, ndipo nambala ya thupi ingakusokeretseni pa kabureta, makamaka ngati mwini wakale anachotsa injini yoyamba n'kuikapo ina, zimene zimachitika kwambiri.

Musanayambe kufufuza, zimitsani injini, idikireni izizire, ndipo chotsani waya wa pa pulagi. Mukhala mukupisa manja pafupi ndi timakasu ndi lamba, ndipo injini ikhoza kulira mwangozi wina akakoka chingwe. Tsekaninso mafuta ngati mukufuna kupendeketsa makina.

Yambani ndi thupi. Kampani imamata sitika kapena kukhomera kachitsulo kokhala ndi mawu akuti Model ndi Serial. Yang'anani pa chitsulo chophimba timakasu, m'munsi mwa zogwirira, m'mbali mwa felemu pafupi ndi matayala, pansi pa malo okhala injini, ndi pa giyabokosi. Malo onsewa amadzaza dothi losakanikirana ndi oyilo, moti anthu ambiri amati nambala inafufutika pamene yangokwiririka. Tsukani ndi madzi a sopo ndi kansalu. Pa sitika musagwiritse ntchito sandipepa, burashi yawaya kapena thina wosungunulira penti, chifukwa mudzachotsa zilembo pamodzi ndi litsiro. Koma nambala yodindidwa m'chitsulo imapirira burashi yawaya. Ikaoneka mwachizimezime, pakanipo choko n'kupukuta pamwamba kuti chokocho chitsalire m'maenje a zilembo, kapena walitsani tochi chapambali kuti mithunzi ionetse. Kuika pepala pamwamba n'kupaka pensulo kumathandizanso. Jambulani ndi foni, mukulitse chithunzicho, ndipo samalani pa zilembo zofanana: O ndi 0, I ndi 1, B ndi 8, S ndi 5. Lembani zonse, madontho ndi timizere tomwe.

Model ndi mtundu wa makinawo, pamene Serial ndi nambala ya makina anuwo okha. Ena amaona ngati Serial ilibe ntchito, koma ayi. Kampani imatha kusintha shafuti, beringi kapena lamba ili mkati mopanga mtundu womwewo, dzina osasintha, ndipo buku la masipeya limanena kuti chida chakuti chikuyambira pa Serial yakuti. Dzina lokongola lolembedwa ndi zilembo zazikulu m'mbali, ngakhalenso nambala ya mahosipawa, n'zokopera ogula. Sizikwanira popeza sipeya.

Tsono pali nkhani ya mayina obwereka. Makina ambiri amagulitsidwa pa dzina la sitolo kapena la kampani imene sinagwirepo ngakhale bawuti imodzi. Chitsanzo chodziwika ndi Craftsman, dzina limene sitolo ya Sears ya ku America inkagulitsira zida zake. Sears inkaoda makina kwa ena, ndipo manambala atatu oyambirira a Model, aja ali patsogolo pa dontho, ndiwo amaulula amene anapanga. Ikayamba ndi 247, makinawo ndi a kampani ya MTD. Ikayamba ndi 917, anachokera ku Roper kapena American Yard Products, imene pambuyo pake inakhala mbali ya Husqvarna. Mukapeza 143 pa injini, imeneyo ndi Tecumseh yovala dzina la Craftsman. MTD yomweyo yapanga makina pa mayina a Yard Machines, Yard-Man, Bolens ndi Cub Cadet, ndipo nambala ya makina ake olimira kawirikawiri imayamba ndi 21. Phindu la kudziwa zimenezi n'lakuti sipeya imene yasowa pa dzina limodzi mukhoza kuipeza pa dzina lina.

Makina a Troy-Bilt amafuna chidwi chapadera. Akale ankapangidwa ndi Garden Way mumzinda wa Troy ku New York. Kampaniyo inagwa mu 2001 ndipo MTD inagula dzinalo. Ndiye kuti makina awiri olembedwa Troy-Bilt Horse akhoza kusiyana zaka makumi angapo, n'kusiyananso m'kati. Pa akalewo, Serial inadindidwa pa giyabokosi yeniyeniyo, ndipo ndi imene ingakuuzeni buku la masipeya loyenera kutsegula.

Tibwere ku injini, kumene nambala zimakhala zosavuta kumva mukadziwa kuziwerenga. Briggs & Stratton imadinda nambala zitatu motsatizana: Model, Type ndi Code. Pa injini zakale zili pa chitsulo chophimba chingwe cholizira. Pa zatsopano muzipeza pa chivundikiro cha mavavu kapena pa kachitsulo pafupi ndi ekizozi. Manambala oyambirira a Model amanena kukula kwa injini: 130202 ndi injini ya mahosipawa 5 imene inaikidwa pa makina olimira osawerengeka. Type imanena zimene injiniyo inavekedwa, monga kabureta ndi kutalika kwa shafuti, ndipo ndi imene anthu amaiwala kulemba. Code ndi tsiku limene inapangidwa: manambala awiri oyamba ndi chaka, awiri otsatira mwezi, awiri enawo tsiku. Ikayamba ndi 980514, injiniyo inapangidwa pa 14 Meyi 1998. Ngati injini sinasinthidwepo, mwadziwanso zaka za makina onse. Chenjezo limodzi: chitsulo chophimba chija chimamasuka, ndipo makaniko amatha kuchisintha ndi cha injini ina. Nambala zikapanda kugwirizana ndi zimene maso anu akuona, kayikirani chitsulocho.

Honda imadinda nambala zake m'mbali mwa injini yeniyeniyo, chapansi. GX160 ndi ya 163 cc, GX200 ndi ya 196 cc. Ziwirizi n'zofanana kwambiri pozionera kunja, ndipo pisitoni ya zonse ziwiri ndi ya mamilimita 68, koma zimasiyana m'kati. Palinso injini zambirimbiri za ku China zopangidwa motengera Honda zimenezi, zogulitsidwa pa mayina osiyanasiyana. Pa zimenezi musavutike ndi dzina la pa tanki; funani nambala yodindidwa, monga 168F kapena 170F. Nambala yoyamba ikunena kuti silinda ndi imodzi, ziwiri zotsatira ndi kukula kwa bowo la silinda m'mamilimita, ndipo F ikutanthauza injini yoziziritsidwa ndi mpweya. Za dizilo, monga 178F ndi 186F, zimawerengedwa chimodzimodzi. Zida zambiri za 168F zimalowa pa GX160 kapena GX200, koma osati zonse, choncho pisitoni, maringi ndi gasiketi muziyerekeza ndi zakale musanalipire.

Tecumseh inasiya kupanga injini mu 2008. Injini zake, monga H50 ndi H60, zikadali pa makina ambiri akale, ndipo zida za kabureta zikupezekabe kuchokera kwa opanga ena. Koma ikawonongeka kwambiri m'kati, maganizo anga ndi akuti kusintha injini yonse kumaposa kusakasaka zida. Pamenepo yezani shafuti yotulukira kunja. Ina ndi ya mamilimita 20, ina ndi ya magawo atatu mwa anayi a inchi, omwe ndi mamilimita 19.05. Kusiyana kwake n'kochepa m'maso, koma pule ya ina siikhala bwino pa inzake. Onaninso ngati injini yakale ili ndi mashafuti awiri. Makina ena akale amabwerera m'mbuyo pogwiritsa ntchito kashafuti kachiwiri, ndipo mukaika injini ya shafuti imodzi, giya yobwerera m'mbuyo yatha.

Nanga sitika itachokeratu, kachitsulo katathothoka, wina atapaka penti ina pamwamba? Musataye mtima. Palani pang'ono pamalo obisika, monga kunsi kwa chophimba lamba, kuti muone penti yoyamba. Jambulani makina mbali zonse zinayi, makamaka giyabokosi, zogwirira ndi malo amene timakasu tili: kutsogolo, pansi pa injini, kapena kumbuyo kwa matayala. Maonekedwe a giyabokosi sanama, ndipo makaniko wodziwa ntchito amazindikira kampani pongoiona. Manambala otumphuka pa zitsulo zoumba si Model ya makina, koma alembeni, chifukwa nthawi zina ndi nambala ya chida chimenecho, ndipo kuifufuza pa intaneti kungakufikitseni pa chithunzi cha masipeya a makina anu.

Chotonthoza n'chakuti zida zimene zimatha msanga sizifuna dzina la kampani. Zimapangidwa pa miyezo yodziwika padziko lonse. Beringi imakhala ndi nambala m'mphepete mwake. 6203 ili ndi bowo la mamilimita 17, 6204 la 20, 6205 la 25. Zilembo 2RS zikutanthauza kuti ndi yotsekedwa ndi labala mbali zonse ziwiri, ZZ yotsekedwa ndi chitsulo. Pa makina ogwira ntchito m'fumbi, ya labala ndiyo imateteza bwino. Silo yotchinga oyilo imalembedwa manambala atatu: kukula kwa shafuti, kukula kwa bowo lolowamo, ndi kunenepa kwake. Poichotsa yesetsani kuti zilembozo zisaphwanyike. Pulagi nayonso ili ndi nambala pathupi pake: Honda GX160 ndi GX200 zimagwiritsa ntchito NGK BPR6ES, pamene Briggs & Stratton zakale za mavavu a m'mbali zimagwiritsa ntchito Champion RJ19LM. Koma kumbukirani kuti pulagi imene mwaipezamo ikhoza kukhala yolakwika kale.

Lamba ndiye amasokoneza ambiri. Ngati zilembo zikuonekabe, 4L440 ndi lamba wa theka la inchi m'lifupi ndi mainchi 44 kuzungulira kunja. Wolembedwa A42 ndi wofanana naye kukula, chifukwa malamba a A amayezedwa m'kati, ndipo kusiyana kwake ndi mainchi awiri. Zilembo zikafufutika, kolekani chingwe m'mapule monga mmene lamba amadutsira, klatchi itagwidwa, n'kuyeza chingwecho. Lamba wakale amakhala atatanuka ndi kudyeka, ndiye muyeso wake umanama pang'ono. Pa makina ambiri olimira, lamba ndiyenso klatchi: amalefuka mukasiya chogwirira, n'kukungika mukachigwira. Akafupika, timakasu tidzazungulira ngakhale musanagwire chilichonse, ndipo imeneyo ndi ngozi yeniyeni ku mapazi. Akatalika, adzaterereka n'kupsa. Apa ndi pamene lamba wa nambala ya kampani amapambana woyerekeza, ndipo ngati akupezeka, gulani ameneyo.

Timakasu tilipo ta kumanja ndi ta kumanzere, ndipo mbalizo zimawerengedwa mutaima kumbuyo kwa makina, manja ali pa zogwirira. Musanagule, yezani shafuti imene timalowapo, onani ngati ndi yobulungira kapena ya makona asanu ndi limodzi, yezani bowo la pini, ndi mtunda wa pakati pa mabowo a mabawuti. Tengani kakhasu kamodzi ka mbali iliyonse popita kogula. Dziwaninso ngati pa makina anu timazungulira motsatana ndi matayala kapena mosemphana nawo, chifukwa mbali yakuthwa iyenera kuyamba ndiyo kugunda dothi. Posintha, masulani mbali imodzi yokha, ina ikhale chitsanzo chanu, ndipo mukamaliza imeneyo ndiye mugwire inayo.