Mmene mungayambitsire mwana wamkazi tenesi kuno ku Dedza, potengera njira ya Cibulková

Makolo anzanga a kuno ku Dedza ndi a ku Ntcheu komwe, ngati pakhomo panu pali kamtsikana kosakhazikika, kothamanga, koti pa fulaye anzake amachita kukalimbirana kuti kakhale mbali yawo, ine ndikuti tiyeni tikayese tenesi. Ndikudziwa ambiri tikamva tenesi timangoti ndi za ana a mabwana a ku Lilongwe, komanso pali zija zoti mwana wamfupi olo ku netibo amamubweza ati safikira pagolo, nde mwana amangokula ndi mtima woti masewero si ake. Izi zimandipweteka ndithu. Nchifukwa chake ndasankha kukuyendetsani m'njira ya mayi wina wa ku Slovakia, Dominika Cibulková, amene kutalika kwake ndi mita imodzi ndi masentimita 61 basi, msinkhu wa azimayi ambiri amene mumakumana nawo pa msika wa Lizulu, koma anafika pa nambala 4 dziko lonse mu 2017.

Slovakia ndi kadziko ka pakati pa Ulaya, kopanda nyanja yamchere ngati ife tomwe, anthu ake sakwana 6 miliyoni. Cibulková anabadwa mu 1989 ndipo raketi anayamba kuigwira asanakwane zaka 9 m'tauni yaing'ono ya Piešťany, ku likulu ku Bratislava banja linasamukira iye ali ndi zaka 11. Mtunda wa pakati pa malo awiriwa ndi makilomita 80 ndi kanthu, chimodzimodzi Dedza ndi Lilongwe. Apa pali phunziro loyamba, zaka zoyambirira sizifuna mzinda, zimatheka konkuno, ku tauni mwana amapita akayamba kusowa omugonjetsa kwawo.

Nde tiyambe ndi malo. Musavutike kusaka bwalo la tenesi lenileni, pitani pa sukulu ya pulayimale imene ili pafupi mukalankhule ndi ahedi mwaulemu, chifukwa pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi bwalo la netibo ndipo bwalo la netibo ndi lalikulu kuposa la tenesi. La netibo ndi mamita 30.5 mulitali ndi 15.25 mulifupi pomwe la tenesi ndi 23.77 mulitali, mulifupi 8.23 akamasewera mmodzi mbali iliyonse, 10.97 akakhala awiriawiri. Ndiye kuti likulowa bwinobwino mkati. Koma kwa mwana wa zaka 6, 7 kapena 8 olo bwalo lonselo silikufunika, jambulani kabwalo ka mamita 11 mulitali ndi 5 kapena 6 mulifupi, mizere ya phulusa kapena laimu, pakati kokani chingwe pa masentimita 80 kuchoka pansi mupachikepo timasanza kapena thumba long'amba kuti chizioneka. Neti yeniyeni ya akulu imakhala masentimita 91 pakati, idzabwera mtsogolo. Chachikulu sesani, chotsani timiyala ndi zitsa za udzu, kwirirani maenje muponderepondere, mukatha kuwaza timadzi m'chilimwe ndi bwino kuti fumbi lichepe. Ndipo musanyoze dothi ayi, ku Ulaya ana ambiri amakulira pa mabwalo a dothi lofiira ndipo mpikisano waukulu wa French Open ku Paris umaseweredwa pa dothi lomwelo, kumene Cibulková anafika semifainolo mu 2009 atakwapula Maria Sharapova 6-0, 6-2, chonsecho Sharapova amamuposa kutalika ndi masentimita opitirira 25.

Za mpira mundimvetsere bwino chifukwa apa mpomwe ana ambiri amagwera ulesi. Mpira wa chikasu wa akulu uja umathamanga komanso umanjanja mpaka kupitirira mutu wa mwana, ndiye kuno kwathu vuto limachita kuwirikiza, Dedza boma ili pamtunda wopitirira mamita 1,500 ndipo kumtunda mpweya ndi wopyapyala, mpira umauluka mwa liwiro kusiyana ndi kunyanja ku Mtakataka. Olo malamulo a bungwe la dziko lonse la ITF amalola mipira ina yapadera pa malo opitirira mamita 1,219. Bungwe lomweli linakonza mipira ya ana ya mitundu itatu, yofiira imene ndi yofewa komanso yochedwa kwambiri, kenako ya olenji, kenako ya kadontho kobiriwira, mwana amakwera choncho mpaka pa zaka 10. Ngati muli ndi mbale ku tauni kapena ku Joni muuzeni akusakireni yofiirayo. Ikasowa, mpira wakale wotha mphamvu, uja wafewa woti mukaufinya ukubonyoka, ndi umene mwana wanu akufunika, osati watsopano wa m'chitini.

Raketi ya akulu ndi mainchesi 27, musampatse mwana, imalemera ndipo imamuzoloweza kumenya ndi phewa mokhota mpaka kupweteka dzanja. Wamng'ono akufunika ya mainchesi 19 mpaka 23. Muyese chonchi, aime chilili raketi ili m'manja mkono uli pansi, ngati mutu wa raketi ukukhudza dothi ndiye kuti yamukulira. M'kaunjika zimapezeka pena, muzisuzumira kwa ogulitsa zidole ndi zikwama. Pomwe mukudikira, akalipentala akhoza kukusemerani kathabwa kopepuka kokhala ndi chogwirira, kwa miyezi yoyamba kakukwana. Nsapato zikhale za pansi pafulati zogwira bwino chidendene, osati za mpira za zisonga zija, osatinso masilipasi.

Tsopano khoma. Ine ndimati kochi woyamba wa mwana wa ku Dedza ndi khoma, silitopa, silifuna alawansi, limabweza mpira uliwonse. Pezani chipupa cha pulasitala chopanda mawindo, kuseri kwa kalasi kapena kwa holo ya tchalitchi mutapempha, lembani mzere ndi choko kapena khala pa msinkhu wa neti, mwana aime mamita 3 kapena 4 azimenya pamwamba pa mzerewo mpira ukanjanja kamodzi. Muziwerenga mokweza limodzi naye, lero afika 5 osaphonya, sabata yamawa 12, tsiku lina 30, ndipo nambalayo ailembe yekha kumapeto kwa kope, ana amakonda kuona kuti akukwera. Mphindi 20 kapena 30 zakwana kwa wamng'ono, katatu pa sabata, asiye akadali kufuna. Kagwiridwe ka forehand, kumenya mpira umene wabwera ku mbali ya dzanja logwira raketi, nkosavuta, aike chikhatho pa zingwe za raketi kenako atsetsereze dzanja mpaka pa chogwirira, agwire pomwepo. Backhand, yomenya mpira wobwera ku mbali inayo, agwire ndi manja awiri monga ankachitira Cibulková. Poseva, kapena kuti pomenya mpira woyambitsa pointi, agwire ngati mpini wa nkhwangwa, poyamba zimaoneka zovuta koma musamulole kuzolowera njira yachidule, kudzasintha atakula ndi ntchito yaikulu. Koma sevu ya pamwamba isakuthamangitseni, ayambe ndi yoponya chapansi kuti gemu iziyenda.

Pano ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndiye mtima wa nkhani yonse. Munthu wamfupi pa tenesi ali ndi mavuto awiri enieni, sevu yake siingatsike mwamphamvu ngati ya wamtali, komanso mpira wonjanja kwambiri umamufika m'mapewa pomwe palibe mphamvu. Cibulková sanathawe zimenezi, anazipezera njira. Sankabwerera mmbuyo kudikira mpira, ankaima pafupi ndi mzere wakumapeto nkumaumenya ukadali kukwera, usanafike m'phewa, nde mdani amapezeka alibe nthawi yokonzeka. Kuti zimenezi zitheke pamafunika miyendo, timasitepe ting'onoting'ono tachangu ndi ntchafu zolimba zoti munthu akhoza kugwada pang'ono maola awiri. Ndipo apa mpomwe ana athu ali ndi mwayi umene sitiuona, mwana wokulira ku Dedza kapena ku Tsangano amakwera zitunda tsiku ndi tsiku, fulaye imamuphunzitsa kuzinda ndi kutembenuka msanga, phada imalimbitsa mwendo umodziumodzi, kulumpha chingwe ndiye olo akatswiri amachita. Musamuletse masewero amenewa ati tsopano ndi wa tenesi, ayi, asewere zonse mpaka zaka 12, netibo yomwe. Chongowonjezera nchakuti aphunzire kudumpha pang'ono ndi miyendo yonse iwiri nthawi imene mnzake akumenya mpira, kadumphidwe kakang'ono koti zala zokha zichoke pansi, kamamupangitsa kunyamuka msanga kupita mbali iliyonse. Pakhoma paja mukaona wazolowera, mumuuze asendere kutsogolo sitepe imodzi, mpira uzibwera msanga, ameneyo wayamba kale kuphunzira tenesi ya Cibulková.

Kuwerenga mapointi musaope. Pointi yoyamba ndi 15, yachiwiri 30, yachitatu 40, yachinayi watenga gemu, akafanana 40 onse ndiye wina atenge ziwiri zotsatizana. Magemu 6 motsogola ndi awiri ndi seti, azimayi amapambana akatenga maseti awiri. Kwa ana ingowerengani mpaka 7 kapena 10 basi. Koma pezani anzake, olo atatu, mwana yekha ndi khoma amatopa mumtima pakatha miyezi.

Nyengo yathu inunso mukuidziwa, June ndi July kuno kumazizira zoti zala sizigwira, musamuyambitse kumenya thupi lisanatenthe, athamange kaye mozungulira bwalo alumphe chingwe mphindi 10. M'dzinja bwalo likachita matope musakakamize, kuterereka kumathyola, bwererani ku khoma la pakhonde. Nkhani ya kuvulala si yaing'ono, Cibulková atafika fainolo ya Australian Open mu 2014, imene analuza kwa Li Na wa ku China, chaka chotsatira anachitidwa opaleshoni ya mtsempha wa kuchidendene, anakhala miyezi osasewera mpaka anatsika kunja kwa anthu 50 apamwamba. Anadikira kuti achire bwinobwino, ndipo mu 2016 anatenga makapu ku Katowice, Eastbourne ndi Linz, kenako ku Singapore anatenga WTA Finals, mpikisano wa bungwe la tenesi ya azimayi la WTA umene amakumana akatswiri 8 okha. Kumeneko analuza masewero awiri oyamba a m'gulu, anadutsa mwa mwayi wochepa kwambiri, koma mu fainolo anagonjetsa Angelique Kerber amene anali nambala 1, 6-3, 6-4, Kerber yemweyo amene anali atagonjetsa Cibulková masiku ochepa mmbuyomo. Nde mwana akati chidendene, bondo kapena chigongono chikuwawa, apume, zikapitirira masiku angapo mupite naye kuchipatala, osamunena kuti ndi ulesi. Ndipo akaluza musamukalipire panjira yobwerera kunyumba chonde. Cibulková kapu yake yoyamba ya WTA anaitenga ku Moscow mu 2011 ali ndi zaka 22, patadutsa zaka zambiri akusewera ndi akuluakulu, ndipo pomwe amasiya mu 2019 anali ndi makapu 8.

Akafika zaka 10 kapena 11 ndipo chidwi chikadalipo, ino ndi nthawi ya Lilongwe kapena Blantyre kumene kuli mabwalo enieni ndi makochi. Sizoti musamuke ayi, yambani ndi Loweruka limodzi pa mwezi kapena sabata ya holide kwa achibale, kochi akonze zolakwika, mujambule pa foni zimene wanena muzikabwereza kuno. Funsani kochiyo za mipikisano ya ana ndi mmene mungalembetsere ku bungwe loyendetsa tenesi m'dziko muno, chifukwa njira yopita ku mipikisano ya ana ya mu Africa imadutsa kumeneko. Nkhani imeneyi ikhale ya banja lonse, atsibweni ake adziwe, agogo adziwe, ku Slovakia komweko Daniela Hantuchová amene anafika nambala 5 mu 2003 anayambitsidwa ndi agogo ake aakazi. Ndipo ichi ndikunena motsindika, mwana wamkazi asayende yekha ndi kochi kapena munthu aliyense wamkulu, pa ulendo uliwonse pakhale mayi, azakhali kapena mchemwali wake wamkulu, olo thiransipoti ikhale ya anthu awiri.

Za ndalama ndisakunamizeni. Malamulo salola mtsikana kusewera mipikisano ya ndalama asanakwane zaka 14, ndipo mpaka 18 amamuwerengera kuchuluka kwa mipikisano pa chaka. Mipikisano yoyambira ya ITF imatchedwa W15, ndalama zonse ndi madola 15,000 zogawana onse olowa, woluza mu ndime yoyamba zimene amalandira sizikwana olo tikiti ya ndege, ndiye ambiri pa msinkhu umenewo amaononga zambiri kuposa zimene amapeza. Choncho sukulu isaime ngakhale teremu imodzi. Onani Angella Okutoyi wa ku Kenya, woleredwa ndi agogo ake, anapambana mpikisano waukulu wa Wimbledon ku England, wa atsikana wa awiriawiri, mu 2022 kenako anapita kukaphunzira ku Auburn University ku America akusewera tenesi konko. Mayunivesite a kumeneko amalipirira atsikana odziwa tenesi koma amafunanso magiredi ndi Chingerezi chabwino, nde MSCE ikhoze bwino, ndipo kuyambira zaka 13 muzisunga mu fayilo imodzi zotsatira za mpikisano uliwonse, masatifiketi ndi timavidiyo ta magemu ake chifukwa makochi akunja amayamba kufunsa zimenezo. Pasipoti nayo muyambe kuikonza msanga, isadikire tsiku limene mwana waitanidwa.