Mmene mungakonzere mkumano wa amayi wokamba za khansa ya khomo la chiberekero

Amayi anzanga a ku Mabvuku, Tafara ndi Epworth kuno ku Zimbabwe, mumandifunsa kuti kabungwe kathu kophunzitsa amayi zaumoyo kamasonkhanitsa bwanji anthu popanda ndalama. Musaitanitse msonkhano wapadera, sabwera. Pitani komwe amayi amakumana kale, ku chipeleganyo kapena akaweruka mapemphero a Lachinayi, mupemphe ola limodzi kwa mayi wapampando.

Ophunzitsa akhale namwino weniweni. Kapempheni ku kiliniki ya khonsolo yomwe muli nayo pafupi, kapena ku Cancer Association of Zimbabwe. Anamwino ambiri amayankhula Chishona, ndiye pezani mayi wachikulire wosachita manyazi kuti azimasulira. Agogo athu Chishona amachimva ndithu, koma nkhani zakumaso amazifunsa momasuka m'Chichewa. Mtengwa musamukhazike mphasa imodzi ndi apongozi ake, sangatsegule pakamwa. Abambo ndi ana atalikire.

Zoti zimveke ndi izi. Khansayi imayamba ndi kachilombo ka HPV komwe kamafala pogonana, ndipo imatenga zaka ikukula mwakachetechete, osamva kupweteka kulikonse. Mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake nchachikulu kasanu ndi kamodzi. Kuyeza kwake kuno amakutcha VIAC: namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kujambula, pomwe pavuta pamasanduka poyera, ndipo zotsatira mumazimva tsiku lomwelo. Chomwe ine ndimalimbikira kwambiri n'chakuti namwino abweretse kachipangizo kotsegulira njira ya mayi poyeza. Kayende m'manja mwa aliyense, akagwire, akatsegule, akatseke. Mantha ambiri amagona pa kachipangizoka, poti amayi amauzana kuti kamang'amba munthu.

Musaiwale atsikana. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa m'dziko lonse la Zimbabwe mu 2018, ndipo mayi afunse ngati mwana wake analandira. Nenaninso poyera kuti kutaya magazi mukatha kugonana kapena mutasiya kale kusamba, ndiponso chikazi chonunkha, si zodikira nazo kapena kuyamba ndi mankhwala azitsamba.

Musabalalike musanagwirizane tsiku lopita limodzi kukayezetsa. Mmodzi afunsiretu masiku oyeza komanso ngati pali cholipira. Sonkhani ndalama ya kombi (minibasi) ya amene alibe, ndipo amene adzakhale ali kumwezi apite ndi gulu lachiwiri.