Momwe mungasamalire zipembedzo zosiyanasiyana mu ofesi ya kazembe

Mu ofesi ya kazembe mumakhala magulu awiri. Pali akuluakulu otumidwa ndi boma lawo, amene amasamutsidwa pakangotha zaka zochepa, ndiye pali olembedwa ntchito m'dziko momwemo: madalaivala, alonda, omasulira, ogwira za ma visa. Achiwiriwa ndi amene amakhalitsa, koma safunsidwa kawirikawiri. Yambani ndi iwowo.

Choyamba ndi kalendala. Musakopere ya chaka chatha. Chaka cha Chisilamu chili ndi masiku pafupifupi 354, motero Ramadan imafika msanga ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, ndipo tsiku la Eid limadikira kuoneka kwa mwezi. Akhristu a Orthodox a ku Russia ndi Ethiopia amachita Khirisimasi pa 7 Januwale. Sabata ya Ayuda ndi a Seventh-day Adventist imayamba Lachisanu dzuwa likalowa, ndiye phwando la Lachisanu madzulo lawasiya kale kunja. Osafunsa munthu kuti amapemphera kuti. Ingopachikani pepala, aliyense alembe masiku amene angafune kupuma.

Tsopano chakudya, pamene ine ndinapsa. Pa phwando la tsiku la ufulu wa dziko lathu ndinapereka ntchito kwa bambo wina wophikira maphwando amene anali wotchipa kuposa anzake onse. Pa foni anati, "Bwana, musadandaule, zonse ndi halal." Ndinangokhulupirira, ndinali ndi changu. Phwando lili mkati, mayi wina womasulira anandikokera pambali n'kundilozera tebulo. Woperekera zakudya ankatunga nyama ya nkhumba ndi ya ng'ombe ndi chipande chimodzi. Nditalowa kukhitchini ndinapeza botolo la vinyo lili pafupi ndi poto wa msuzi, latheka. Anzathu achisilamu sanadandaule. Anadya zipatso zokha, n'kutsanzika mwaulemu phwando lisanathe. Kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa akanandikalipira.

Bambo uja ankaganiza kuti halal ndi kungochotsa nkhumba pa mbale. Halal imakhudza kaphedwe ka chiweto, mowa wothira pophika, ngakhale jelatini wa m'zotsekemera, amene nthawi zambiri amachokera ku nkhumba. Kosher, malamulo a chakudya a Ayuda, ndi nkhani inanso, pakuti saphatikiza nyama ndi mkaka, ndipo musaganize kuti chimodzi chalowa m'malo mwa chinzake. Masiku ano ndimaitanitsa satifiketi ya halal kapena kosher, n'kuimbira bungwe limene lasainapo, chifukwa mapepala ena amangosindikizidwa pa kompyuta. Ndimapitanso kukaona khitchini ndekha, ndi mnzathu mmodzi wodziwa malamulowa. Njira yachidule, ngati ndalama zachepa: tebulo limodzi la zamasamba zokhazokha, lokhala ndi zipande zake ndi timapepala tolemba zimene zathiridwamo. Ahindu ambiri akuthokozaninso.

Chipinda chopemphereramo sichifuna zambiri. Chikhale choyera, chopanda zithunzi, pafupi ndi mpopi woti munthu asambe m'manja ndi mapazi, ndipo chikhale cha aliyense. Kachizindikiro kosonyeza kumene kuli Mecca n'kokwanira. Musagule makapeti odula amene ogulitsa angakukakamizeni, anthu amabwera ndi awo.

Zotsalazo n'zachidule. Misonkhano isagwe Lachisanu masana, nthawi ya mapemphero a Asilamu. A Mboni za Yehova saimba nyimbo ya fuko kapena kuchitira sawatcha mbendera, choncho pa mwambo apatseni ntchito ina mwakachetechete. Malamulo a kavalidwe alole hijab ndi nduwira ya Asikh. Zonsezi zilembedwe m'buku la malamulo a ofesi, chifukwa kazembe watsopano akafika adzayamba wafunsa kuti chipinda chija n'cha chiyani.