Momwe mungazulitsire dzino ngati muli ndi valavu yoikirira mumtima

Ndimakhala ku Ngabu, ndipo mumtima mwanga muli valavu yachitsulo (kachitseko koyendetsa magazi) imene anandiika ku India chifukwa yobadwa nayo inawonongeka ndi nthenda ija imayamba ndi zilonda zapakhosi paubwana. Usiku kukakhala bata ndimaimva ikugunda ngati wotchi. Chichitikireni opareshoniyo ndazulitsa mano awiri. Loyamba linandigoneka m'chipatala, koma lachiwiri linayenda bwino chifukwa ndinatsata njira imene ndikufotokoza panoyi.

Zoopsa kwa ife zilipo ziwiri. Mkamwa mwa munthu aliyense mumakhala mabakiteriya, ndipo nkhama zikachekeka amalowa m'magazi n'kukakakamira pa valavu yoikirira ija, pomwe amayambitsa nthenda ya endocarditis imene imafuna majakisoni a masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, mwinanso opareshoni yachiwiri. Choopsa china n'chakuti ife a valavu yachitsulo timamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, moyo wathu wonse, choncho magazi athu sachedwa kutuluka koma amachedwa kuuma.

Choyamba, pitani koyenera ndipo mukanene zoona zonse. Yambirani ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, ndipo akaona kuti nkhani yanu ndi yofuna akatswiri adzakulemberani kalata yopita ku Gulupu, ku Blantyre. Musanakhale n'komwe pampando, tsegulani buku lanu lakuchipatala, muwaonetse mtundu wa valavu ndi mankhwala onse amene mukumwa. Kuli anthu ena amene amazula mano m'tinyumba ta pamsika pamtengo wotsika kuposa ndalama ya minibasi yopita ku Blantyre. Amenewa asakukhudzeni ngakhale dzino litakusowetsani tulo, chifukwa magazi akapanda kusiya alibe chokuthandizirani.

Chachiwiri ndi kuyezetsa INR, ndipo apa ndi pamene ine ndinalakwa. Nambala imeneyi imasonyeza momwe magazi anu akuchedwera kuuma. Ambiri a ife timauzidwa kuti izikhala pakati pa 2 ndi 3 kapena pakati pa 2.5 ndi 3.5 malinga ndi valavu yake. Iyenera kuyezedwa mkati mwa maola 24 dzino lisanazulidwe, kapena maola 72 kwa amene nambala yawo sisinthasintha, ndipo ikafika pa 4 dzino silizulidwa mpaka itatsika.

Pa dzino loyamba lija, ine ndinali nditayezetsa masabata atatu m'mbuyomo ndipo nambala inali yabwino, choncho ndinaona ngati kukwera phiri la Thabwa kachiwiri mwezi womwewo kukayezetsanso kunali kuwononga ndalama. Pamasiku amene dzino linkandipweteka, ndinagula Brufen ndi Flagyl kwa mnyamata wina wogulitsa mankhwala pamsika, amene anandipungulira m'kapepala kopanda dzina, n'kundiuza kuti ndi zimene aliyense wodwala dzino amamwa. Ndinamwa kwa masiku asanu. Sindinkadziwa kuti Flagyl amakweza mphamvu ya warfarin kwambiri, monganso amachitira Bactrim, ndiponso kuti Brufen amachititsa kuti magazi asaume msanga. Nditapita pa kiliniki ina yolipira, ndinaonetsa nambala yakale ija, za mapilisiwo sindinatchule, ndipo nawonso sanafunse.

Dzino linatuluka bwinobwino masana. Cha m'ma 11 koloko usiku ndinadzidzimuka mkamwa mutadzaza mibulu ya magazi, pilo itanyowa mpaka pamphasa. Mkazi wanga anang'amba chitenje choyera, ndinachiluma, chinafiira. Anang'ambanso china, nacho chinafiira. Anadzutsa mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto, ndipo ndinafika kuchipatala ndikuona chizungulire, manja atazizira ngakhale unali mwezi wa Okutobala. Ndinagonako masiku atatu. Choncho yezetsaninso INR ngakhale mutaona kuti munayezetsa posachedwa, ndipo piritsi lililonse limene mwamwa sabata imeneyo, ngakhale mankhwala a zitsamba, mulitchule.

Musasiye kumwa warfarin mwa nokha poopa magazi. Anthu okufunirani zabwino adzakuuzani kuti muyambe mwaleka kwa masiku atatu, koma valavu yachitsulo ikasowa mankhwalawa imaundana magazi, ndipo zotsatira zake ndi sitiroko kapena valavuyo kusiya kutseguka. Magazi apadzino amatheka kuwaletsa ndi thonje kapena kusoka, pamene sitiroko siibwezeka. Wosintha mlingo ndi dokotala wanu wa mtima yekha.

Chachitatu ndi mankhwala oteteza valavu. Munthu wamkulu amapatsidwa amoxicillin wokwana magalamu 2, kutanthauza makapisozi anayi a 500 mg, ndipo amamwa onse pamodzi kamodzi kokha, pakati pa mphindi 30 ndi 60 ntchito isanayambe. Ngati thupi lanu limadana ndi penicillin, gulu la mankhwala limene amoxicillin alimo, nenani kuti akupatseni ena monga azithromycin. Nenaninso ngati mumabayitsa jakisoni wa benzathine penicillin mwezi ndi mwezi, chifukwa mabakiteriya a mkamwa mwanu akhoza kukhala atazolowera mankhwala a mtundu umenewo. Makapisoziwa atengeni kuchipatala kapena ku famase yovomerezeka. Aja oyalidwa pa thumba la pulasitiki amakhala tsiku lonse padzuwa lathu la kuchigwa kuno, ndipo palibe angakutsimikizireni chimene chili m'kati mwake. Chitetezo chomwechi chimafunikanso pokatsukitsa mano ndi makina, popeza nkhama zimatuluka magazi.

Pemphani kuti akuzuleni m'mawa komanso kumayambiriro kwa sabata, kuti magazi akavuta mupeze madokotala akadalipo. Akatha, lumani thonje mwamphamvu kwa mphindi 30 osalisuzumira. Tsiku limenelo musachukuche mkamwa, musalavulelavule, musayamwe pabalapo, ndipo idyani phala lozizira. Nzimbe ndi chimanga chootcha zidikire sabata. Ululu muuthetse ndi Panado basi. Mawa lake yambani kuvumata madzi ofunda amchere pang'onopang'ono. Magazi akapitirira mutaluma thonje kawiri, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo.

M'masabata otsatira, thupi likayamba kutentha, kutuluka thukuta usiku, kufooka kapena kupuma mobanika, musangoti ndi malungo. Yezetsani malungowo, koma muwakumbutse za valavu ndi dzino lija kuti atenge magazi okafufuza mabakiteriya musanayambe mankhwala ena alionse. Kunyumba tsukani mano kawiri patsiku ndi mswachi wofewa ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo kaonetseni mano miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ngakhale asakupweteka.