Mmene Mungajambulire Chithunzi cha Mlandu wa Ndale Umene Anthu Sanakhutire Nawo

Mmisiri wojambula pamanja amene akufuna kuyankhapo pa mlandu wa ndale ali ndi njira imene ena anadutsamo kale, yotchedwa social realism, imene imaonetsa anthu enieni ndi mavuto awo mosabisa, kuti ngakhale munthu amene sanapite patali ndi sukulu aone pamene chilungamo chinakhotera. Malangizowa ndikulembera Amalawi anzanga ojambula amene tili kuno ku Johannesburg, ndipo chitsanzo chathu chikhale mlandu wa Orton ndi Vera Chirwa.

Musanagwire burashi, udziweni bwino mlanduwo, chifukwa chithunzi chimene chalakwitsa mfundo imodzi chimapatsa otsutsa mpata wokana zonse. Banja la a Chirwa linagwidwa kumapeto kwa 1981, ndipo mu 1983 linaweruzidwa kuti liphedwe pa mlandu woukira boma. Mlanduwo unazengedwa m'bwalo la mafumu, momwe maloya sankaloledwa kuimira munthu, ngakhale kuti awiriwa anali akatswiri a malamulo. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo mayi Vera anatulutsidwa mu 1993. Sonkhanitsani zithunzi za m'nyuzipepala za nthawiyo, ndipo fufuzani za zovala, mipando ndi maonekedwe a bwalolo kwa akuluakulu amene anaona nyengo imeneyo.

Ntchito yaikulu ili posankha mphindi imodzi yoti muijambule, ndipo apa Ben Shahn, wojambula wa ku America, angatiphunzitse zambiri. Iye anakhudzidwa ndi mlandu wa Nicola Sacco ndi Bartolomeo Vanzetti, amuna awiri ochokera ku Italy amene anaphedwa pa mpando wamagetsi ku Massachusetts pa 23 Ogasiti 1927, anthu ambiri akukhulupirira kuti anawaweruza chifukwa cha maganizo awo a ndale komanso chifukwa anali obwera. Pakati pa 1931 ndi 1932, Shahn anajambula zithunzi 23 za mlanduwu potsatira zithunzi za m'nyuzipepala. Pa chithunzi chake chachikulu chimene chimadziwika kwambiri, sanaonetse kuphedwa kwa anthuwo. Anaika mitembo yawo m'mabokosi otsegula, ndipo pamwamba pake anaimikapo akuluakulu atatu a komiti imene inavomereza chigamulocho, motsogozedwa ndi A. Lawrence Lowell wa ku yunivesite ya Harvard, atavala zaulemu, nkhope zili gwa. Kumbuyo kwawo kukuoneka nyumba ya khoti ndi woweruza Webster Thayer. Ine ndimaona kuti mphamvu ya chithunzichi ili pamenepa: maso a woonera sathera pa ozunzidwa okha, koma amafika kwa amene anali ndi mphamvu yoletsa imfayo. Inunso dzifunseni kuti pa mlandu wanu anasaina ndani, anakhala chete ndani, ndipo muwaike m'chithunzimo.

Mukasankha mphindiyo, konzani kaimidwe ka anthu ndi makala papepala, kangapo ndithu, musanathire penti. Amene ali pamwamba amaoneka wolamula, ndipo amene ali pakati ndiye amayamba kuonedwa. Pa mlandu wa a Chirwa, mpando wopanda munthu pamalo pamene loya akanakhala ungathe kunena zambiri kuposa unyolo. Manja muwasamale kwambiri, chifukwa manja omangidwa kapena ogwira cholembera amafotokoza nkhani ngakhale nkhope itakhala yosasintha. Mungakulitse pang'ono mutu kapena manja monga ankachitira Shahn, koma musasandutse woweruza chilombo, pakuti woonera akangoona kuti mukunyoza, amasiya kukukhulupirirani.

Kuti mumvetse kukula kwa mabwalo a milandu ndi ndende, pitani ku Drill Hall pafupi ndi Joubert Park, kumene mu Disembala 1956 kunayambira mlandu wa anthu 156 oganiziridwa kuti ankaukira boma, omwe poyamba anawatsekera m'khola la waya m'bwalo momwemo. Pitaninso ku Constitution Hill, komwe kuli ndende yakale ya Old Fort, mukaone mmene zitokosi zilili zazing'ono ndi mmene kuwala kumalowera, ndipo mujambule zimenezo m'kabuku kanu.

Penti wa gouache kapena acrylic ndi wokwanira, chifukwa amauma msanga ndipo savuta m'chipinda chaching'ono cha lendi. Mitundu ikhale yochepa, yotuwa ndi yakuda, ndipo mtundu wowala muusungire chinthu chimodzi chokha chimene mukufuna kuti chisaiwalike.

Pansi pa chithunzicho lembani mayina, chaka ndi chigamulo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti ana athu obadwira kuno awerenge. Ngati mlandu umene mwasankha ukadali m'khoti, kapena ukukhudza anthu amene ali moyo, funsani kaye wodziwa malamulo musanachionetse poyera, ndipo achibale a oimbidwa mlanduwo achione anthu ena asanachione.