Chikwama cha mwana chikongole, koma buku la sikelo lisanyowe

Chiyambire mvula ya chaka chino, sipadutsa tsiku la sikelo popanda mayi kundipatsa ine, mlangizi wa zaumoyo kuno ku Mzuzu, buku la mwana lonyowa, masamba atamatana ndipo inki itayenderera moti tsiku la katemera silikuwerengeka. Chondidabwitsa n'chakuti mabuku amenewa sakutuluka m'majumbo ong'ambika a anthu osowa. Ambiri akutuluka m'zikwama zatsopano zokongola kwambiri, zamaluwa, zina zaubweya wofewa ndi tizidole tolendewera pazipi, zomwe amayi agula kumsika wa Taifa kapena asankha pakaunjika ku Zigwagwa. Chikwama chotere chimakhala ndi thumba limodzi lalikulu, ndipo m'menemo mumalowa zonse: matewera ochapa, thewera lomwe mwana wangoipitsira panjira, kapu, sipuni, nthochi, foni ndi buku la sikelo.

Kulakwitsa kwake n'kumeneku, kusankha chikwama poyang'ana kunja kokha osatsegula kuona ngati chili ndi polekanitsa zonyowa ndi zouma. Sindikudana ndi kutchena, ndipo mayi wa ku Katoto kapena ku Chibavi ali ndi ufulu wonyamula chikwama chogwirizana ndi chitenje chake popita kutchalitchi. Koma Mzuzu si Nsanje. Kuno mvula imatha kugwa mpaka mu Epulo ndi Meyi, kenako pamabwera mawawa ndi chisanu, ndipo chikwama chansalu chikanyowa Lolemba chimafika Lachinayi chisanaume bwinobwino. M'kati mwake mumayamba chuku ndi fungo, ndipo malaya a khanda amagona m'menemo.

Anthu ambiri amaliona buku la sikelo ngati kapepala wamba. Bukuli ndilo limatiuza ngati mwana analandira katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14, komanso ngati wabayitsa wa chikuku pa miyezi 9 ndi 15. Ndi m'menemonso momwe timalemba kulemera kwake mwezi ndi mwezi, ndipo mzere umenewo ukayamba kutsika timadziwa msanga kuti kunyumba zinthu sizili bwino. Tsamba likafufutika, timayamba kufunafuna dzina m'kaundula wamkulu pamene amayi ena akudikira pamzere ana akulira kumbuyo. Ngati mwanayo anabadwira kumudzi ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay n'kulandira akatemera oyamba kumeneko, kaundula wathu sangathandize, ndipo timangodalira zomwe mayi akukumbukira. Kukumbukira kwa munthu amene sanagone usiku wonse chifukwa cha khanda sikodalirika. Buku latsopano mungagule, koma limabwera lopanda kanthu, ndipo mbiri ya miyezi yonse ija imakhala yapita.

Vuto lina n'loopsa kuposa pamenepa. Thewera loipa likagona pafupi ndi kapu ndi sipuni, tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba timakhala tapeza njira yachidule yokafika m'kamwa mwa mwana. Tonse tikukumbukira momwe kolera inavutitsira dziko lino mu 2022 ndi 2023, ndipo maboma a kumpoto kuno sanasiyidwe. Nthawi imeneyo aliyense ankasamba m'manja mwakhama, koma lero tabwerera ku chizolowezi chakale chokulunga thewera lonyowa m'chitenje n'kuliponya m'chikwama, chitenje chomwecho n'kudzaberekeranso mwana pobwerera. Ndikafunsa, yankho limakhala lakuti amayi athu ankatero ndipo tinakula. Ndatopa nalo yankho limeneli, chifukwa omwe amaliyankha sawerengera ana amene sanakule.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina amene amalima matimati ndi masamba chakumtunda kwa Lusangazi. Atagulitsa zokolola, anadzigulira chikwama chofiirira chaubweya chomwe anati anakhala akuchisirira kwa miyezi itatu, ndipo kunena zoona chinali chokongola. Tsiku la sikelo anakwera kabaza, mvula n'kuwapeza panjira, ndipo pofika chikwama chinali chitamwa madzi ngati thonje. Amuna awo anawaperekeza tsikulo, zomwe ndinawayamikira. Ataona ndikulekanitsa masamba a buku mosamala kuti asang'ambike, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Alangizi, ine kudimba sindiika mbewu ndi feteleza m'thumba limodzi, chifukwa feteleza akachita chinyezi amawononga mbewu. Nanga bwanji sitinaganize zomwezo pa katundu wa mwanayu?" Mayiwo anaseka mwamanyazi n'kuwakumbutsa kuti pogula chikwamacho iwo anali pomwepo ndipo anangofunsa mtengo. 

Tsono pogula, tsegulani chikwamacho musanafunse mtengo. Nsalu yakunja ikhale yoterera yosalowa madzi, ndipo m'kati mukhale mopukutika ndi kansalu konyowa. Matumba asachepere atatu, lina la zouma, lina la zodyera, lina la zoipa, komanso kathumba ka zipi ka buku lokha, lomwe muzilikulunga kaye m'pulasitiki yolimba. Zipi muikoke kangapo pamaso pa wogulitsa, chifukwa za pakaunjika zambiri zimakhala zitatopa kale. Popeza kumsana kuli mwana, sankhani cha lamba wamtali ndi wotambalala wodutsa paphewa, kuti manja akhale omasuka pokwera kabaza kapena minibasi. Mtundu wakuda, wabuluu woderapo kapena wamizeremizere umabisa matope, umayenera chovala chilichonse, ndipo bambo a mwana sachita nawo manyazi kunyamula. Ngati ndalama sizikukwana, telala aliyense wa m'khonde angakusokereni cha chitenje n'kuika pulasitiki m'kati. Musaiwale kachidutswa ka sopo, kansalu kogonekapo mwana posintha thewera, ndi paketi ya Thanzi.