Makina a CNC: pulogalamu yaulere kapena yogula? Yambani mwaona bodi

Ngati mwagula makina a CNC (makina oyendetsedwa ndi kompyuta) osemera zikwangwani za malo ogona alendo ku Senga Bay, zitseko za mbawa kapena mitu ya mabedi, musathamangire kufunsa kuti pulogalamu yabwino ndi iti. Tsegulani kaye bokosi la magetsi muone bodi yolamula makinawo yomwe ili m'katimo, chifukwa pulogalamu iliyonse ili ndi mabodi ake omwe imamvana nawo. Ndipo pano tikunena pulogalamu yoyendetsa makinawo, imene imawerenga G-code (mizere ya malamulo ouza makina koyenda) n'kulamula mamota. Zojambulira ndi zokonzera njira ya biti (kachitsulo kosemera), monga VCarve yogula kapena FreeCAD yaulere, ndi nkhani ina.

Yaulere yofala kwambiri ndi GRBL. Imakhala m'kati mwa kabodi ka Arduino Uno, imayendetsa mbali zitatu zomwe makina amayenda, X, Y ndi Z, ndipo kompyuta ntchito yake n'kungotumiza mizere ya G-code pa USB kudzera mu pulogalamu monga Universal Gcode Sender, Candle kapena bCNC. Laputopu yakale iliyonse imakwana. Malire a GRBL ndi masitepe a mota pafupifupi 30,000 pa sekondi. Werengerani nokha. Mota ya masitepe 200, dalaiva wake (kachipangizo koyendetsa mota) atagawa sitepe iliyonse kasanu ndi katatu (1/8), ndi masitepe 1,600 ikazungulira kamodzi. Pa ball screw (ndodo ya mazinga yosunthira makina) ya 1605, imene imasuntha mamilimita 5 ikazungulira kamodzi, ndiye masitepe 320 pa milimita, kutanthauza kuti simungapitirire mamilimita 5,600 pa mphindi. Pa matabwa n'zokwanira. Koma mukaika dalaiva pa 1/32 poganiza kuti makina aziyenda mofewa, liwirolo limatsika kufika 1,400. Ambiri amanamizira pulogalamu pomwe vuto lili pa timaswichi ta dalaiva.

Nambala ya masitepe pa milimita ija, 320, mumailemba mu GRBL pa $100, $101 ndi $102 (za X, Y ndi Z). Mukatero lamulani makina ayende mamilimita 100, muyeze ndi kalipa. Akayenda 98.5, chulukitsani 320 ndi 100, mugawe ndi 98.5, ndipo 324.9 ndiyo nambala yatsopano. Zikasiyana kwambiri chotero pa ball screw, yang'anani kaye ngati coupling, cholumikiza mota ndi ball screw, sikuterereka.

LinuxCNC nayo ndi yaulere, koma iyi ndi ya makina akuluakulu. Inachokera ku pulogalamu ya EMC ya bungwe la NIST ku America. Imafuna kompyuta yakeyake yokhala ndi Linux monga Debian, ndipo musanalumikize waya ndi mmodzi yemwe, yendetsani Latency Test, mayeso a kuchedwa kwa kompyuta, kwa maola angapo uku mukutsegula mapulogalamu ena kuti kompyuta ilemedwe. Nambala ya Jitter yomwe mayesowo amaonetsa ikakhala pansi pa 20,000 ns, parallel port (polumikizira printa pa makompyuta akale) igwira bwino ntchito. Ikapyola 100,000, musavutike nayo: gulani khadi ya Mesa monga 7i96 yolumikiza pa Ethernet, kapena musinthe kompyuta. Malaputopu ambiri amalephera mayeso amenewa. Stepconf, pulogalamu yoikira zoyambira za makina mu LinuxCNC, imakuthandizani poyamba, koma tsiku lina mudzatsegula ndithu mafailo a INI ndi HAL n'kusintha ndi manja. Amene saleza mtima pa kompyuta, LinuxCNC imudyera milungu. Amene waidziwa sabwereranso m'mbuyo.

Ku mbali yogula, dzina lodziwika ndi Mach3, ya madola 175. Ubwino wake ndi woti anthu oidziwa ndi ambiri, mavidiyo ophunzitsa ali mbwee, ndipo zonse mumasintha pongodina. Koma ndi yokalamba, eni ake anasiya kuikonza n'kupita ku Mach4, yomwe ya Hobby ndi madola 200. Parallel port ya Mach3 imagwira pa Windows ya 32-bit yokha, mpaka Windows 7. Mach3 yoyeserera imaima pa mzere 500 wa G-code, pomwe chikwangwani chimodzi cha zilembo zosema chimatha mizere zikwi zambiri. Samalaninso ndi timabodi tofiira ta USB tomwe timabwera ndi Mach3 pa CD kapena pa fulashi. Kawirikawiri laisensi yake imakhala yobedwa, ndipo makina akayamba kuchita zachilendo mulibe kodandaula.

UCCNC ya ku Hungary ndi yotsikirako mtengo, imayenda pa Windows yatsopano, koma laisensi yake imamangiriridwa ku bodi imodzi, monga UC100 kapena UC400ETH. Bodi ikapsa ndi mphenzi, laisensi ija siisamukira yokha ku ina. Komanso zonsezi mumalipira pa intaneti ndi khadi ya banki m'ndalama zakunja, zomwe pakali pano si zapafupi. Makina ambiri a 1325 (a tebulo la mamita 1.3 ndi 2.5) ochokera ku China amabwera ndi kachipangizo kogwira m'manja ka RichAuto, kowerenga fulashi popanda kompyuta. Ngati anu ali otero ndipo akuyenda, asiyeni.

Tsopano zimene zimaonongetsa matabwa kuno ku Salima, kaya pulogalamu ndi yaulere kaya yogula.

Choyamba ndi kuzima kwa magetsi ntchito ili pakati. Thabwa la mlombwa lalowa kale maola atatu, kenako phethi, mdima. Chokupulumutsani ndi maswichi a homing (othandiza makina kupeza poyambira pake), atatu basi. Pa GRBL lembani $22=1, muzichita homing ndi $H nthawi iliyonse mukayatsa, ndipo ziro wa ntchito (pomwe ntchito iyambire pa thabwa) muziika ndi G10 L20 P1 X0 Y0 Z0. Ameneyu amasungidwa m'bodi ngakhale magetsi atazima, pomwe wa G92 amafufutika. Magetsi akabwera, chitani homing, kwezani Z, yatsani spindle (mota yozungulitsa biti), muyambire mizere ingapo m'mbuyo mwa pomwe munalekezera. Mach3 ili ndi Run From Here, LinuxCNC nayo imalola kuyambira pa mzere womwe mwasankha. Musamasule thabwa pa tebulo. UPS (batire yosunga magetsi) yaing'ono ikani pa kompyuta ndi bodi kuti muone nambala ya mzere, spindle ya 2.2 kW singaikwanitse.

Chachiwiri ndi USB kuduka spindle ikangoyaka. VFD, kabokosi kolamula liwiro la spindle, imasokoneza mawaya oyandikana nayo, ndipo GRBL ndi mabodi a USB a Mach3 onse amavutika mofanana. Chingwe cha USB chikhale chachifupi, chosapyola mamita 2, chokhala ndi ferrite (kamphete kochepetsa kusokonezaku). Waya wa spindle akhale wa shield (wokutidwa ndi chitsulo chotchinga), ayende njira yake kutali ndi mawaya a maswichi. Thupi la makina, spindle ndi VFD zonse zilumikizidwe ku earth yeniyeni. M'dothi la mchenga la kufupi ndi nyanja ndodo imodzi yaifupi sikwanira, khomani yaitali kufikira pachinyezi. Apa ndi pomwe Ethernet imaposa USB, ndipo pa makina a ntchito ya tsiku ndi tsiku tinganene mosabisa kuti Mesa kapena UC400ETH ndi ndalama yolowa pabwino kuposa laisensi ya Mach3.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala nakonso kumazimitsa madalaiva, makina n'kuyamba kuphonya masitepe, zilembo n'kupendekeka. Ikani fani ndi sefa pa bokosi, muzipemerera utuchi Loweruka lililonse.

Makina akayenda bwino, sungani zomwe mwaika tsiku lomwelo. Pa GRBL lembani $$ mukopere zonse zotuluka, pa Mach3 ndi failo ya XML pamodzi ndi Mach1Lic.dat, pa LinuxCNC ndi foda yonse ya configs. Ikani pa fulashi, zina mulembe papepala mumate m'kati mwa chitseko cha bokosi la magetsi.